Sitolo ikachedwa kutseguka: zaka 30 za mpikisano ndi masekondi

Ntchito imene imandidyetsa ndi yomanga ndi kukonza masitolo a pa intaneti, ndipo gawo lake lalikulu ndi kuchotsa zinthu, osati kuwonjezera. Eni malonda amandiitana makasitomala akayamba kudandaula kuti pa foni pakungozungulira kachizindikiro, katundu osaoneka. Ambiri a iwo amaganiza kuti vutoli ndi la kwathu kuno kokha, la netiweki yathu ndi mabandulo athu. Si choncho ayi. Vutoli lidabadwa tsiku limodzi ndi malonda a pa intaneti, ndipo mibadwo ya amisiri yakhala ikulithetsa, kuliiwala, n'kulithetsanso.

Pa 11 Ogasiti 1994, mnyamata wa zaka 21 dzina lake Dan Kohn adagulitsa chimbale cha nyimbo za Sting kudzera pa tsamba lake la NetMarket ku New Hampshire, m'dziko la America, ndipo nambala ya khadi la wogulayo idayenda mobisika kuti akuba asaione. Ambiri amawerengera chiyambi cha malondawa pamenepo. Mu Julayi 1995 Jeff Bezos adatsegula Amazon ku Seattle, akugulitsa mabuku okha, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Pierre Omidyar adayambitsa tsamba limene pambuyo pake lidatchedwa eBay. Wogula wa nthawi imeneyo ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni ya m'nyumba ndi kachipangizo kotchedwa modemu. Munthu akakhala pa intaneti, telefoni sinkagwira, ndipo abale ankachita kudikira kuti atsike. Modemu yabwino ya masiku amenewo inkakoka pafupifupi 3 KB pa sekondi. Chithunzi chimodzi cha 50 KB chinkatenga masekondi ngati 15, chikuoneka pang'onopang'ono kuchokera kumutu kutsika m'munsi.

N'chifukwa chake tsamba loyamba la Amazon lidali la mawu okhaokha, pafupifupi lopanda zithunzi. Buku lidali katundu woyenera nyengo imeneyo, chifukwa munthu akaona mutu wake, dzina la mlembi ndi mtengo, wadziwa chimene akugula. Amisiri oyambirirawo ankawerenga KB iliyonse asanaiike pa tsamba, ndipo ine ndimawalemekeza pa chimenechi. Chida chawo chidali chosauka, choncho ankaganizira wogula asanaganizire kukongola.

Kuleza mtima kwa munthu kudali kutayezedwa kale. Mu 1993 Jakob Nielsen adalemba malire atatu amene akugwirabe ntchito mpaka lero: makina akayankha m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, munthu amamva ngati ayankha nthawi yomweyo, akayankha pa sekondi imodzi, maganizo ake saduka, akapitirira masekondi 10, mtima wapita kale kwina. Mu 1999 kampani yofufuza za malonda ya Zona Research idafalitsa lamulo limene lidatchuka kwambiri, loti tsamba likapitirira masekondi 8 lisanatseguke, ogula ambiri amachoka. Idanenanso kuti amalonda a ku America akhoza kumataya madola oposa 4 biliyoni pa chaka chifukwa cha kuchedwaku.

Chaka chomwecho ku London kudali anthu amene sadalabadire chenjezolo, ndipo nkhani yawo ndi imene ndimafotokozera mwini sitolo aliyense wofuna tsamba lothwanima. Ernst Malmsten, Kajsa Leander ndi Patrik Hedelin, onse a ku Sweden, adayambitsa Boo.com, sitolo ya zovala ndi nsapato zamasewera za mafashoni. Ndalama adali nazo zambiri, zochokera kwa anthu olemera ngati Bernard Arnault ndi banja la Benetton. Adatsegula maofesi pa Carnaby Street, n'kulemba ntchito anthu mazanamazana, ndipo adafuna kugulitsa m'mayiko 18 nthawi imodzi. Tsamba lawo lidali lodabwitsa. Nsapato unkatha kuitembenuza n'kuiona mbali zonse, chovala unkachiveka kachidole, ndipo padali mtsikana wojambulidwa, Miss Boo, amene ankalangiza wogula. Zonsezi zinkafuna pulogalamu ya Flash ndi intaneti yothamanga, pamene pafupifupi wogula aliyense adali pa modemu ya telefoni. Sitoloyo itatsegulidwa mu Novembala 1999, itachedwa kale ndi miyezi ingapo, anthu ankadikira mphindi zathunthu kuti tsamba loyamba lioneke, ndipo ena makompyuta awo ankangouma. Ogwiritsa ntchito makompyuta a Mac poyamba sankatha n'komwe kugula. Pa 18 Meyi 2000 kampaniyo idagwa, itadya madola pafupifupi 135 miliyoni m'miyezi 18.

Kunena chilungamo, si kuchedwa kwa tsamba kokha kumene kudapha Boo.com. Ankawononga ndalama mosadziletsa, ndipo msika wonse wa makampani a pa intaneti unkagwa chaka chimenecho. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Chilichonse chimene adaika pa tsamba chidali chabwino pachokha, ndipo zambiri mwa izo lero n'zachizolowezi. Cholakwa chawo chidali kumanga sitolo yoyenera makompyuta a mu ofesi yawo, osati a m'nyumba za ogula. Cholakwa chimenechi sichidafe ndi Boo.com, ndimakumana nacho mwezi ndi mwezi.

Pa nthawi yomweyo anthu ena ankalimbana ndi mbali ina ya vutoli, ya mtunda ndi kuchulukana. Tsamba lililonse limakhala pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, ndipo wogula akalitsegula, uthenga umapita kumeneko n'kubwerera. Seva ikakhala kutali, ulendo umatalika; anthu akachuluka nthawi imodzi, imalemedwa n'kugwa. Mu Febuluwale 1999 sitolo ya zovala ya Victoria's Secret idaonetsa chionetsero chake pa intaneti, ndipo anthu oposa miliyoni atakhamukirako, ambiri sadaone kanthu. Pa yunivesite ya MIT, Tim Berners-Lee, amene adayambitsa World Wide Web, adali ataoneratu kuti kuthithikana kotere kukubwera, ndipo mu 1995 adapempha anzake kuti apeze njira. Pulofesa wa masamu Tom Leighton ndi wophunzira wake Danny Lewin adaipeza: kukopera zithunzi ndi mafayilo a tsamba n'kuwasunga pa maseva ambirimbiri omwazikana m'dziko lonse, kuti wogula aliyense azitenga pa seva imene ili pafupi naye. Mu 1998 adakhazikitsa kampani ya Akamai, ndipo njirayo ndi imene lero timaitcha CDN. Lewin adafa pa 11 Seputembala 2001, ali ndi zaka 31, m'ndege yoyamba imene idagunda nyumba ya World Trade Center. Tsiku lomwelo anthu mamiliyoni adathamangira pa intaneti kufuna nkhani, ndipo masamba ena akuluakulu adapirira chifukwa cha njira imene iye adathandiza kuipanga.

Pofika 2006, nkhani ya liwiro idaleka kukhala ya amisiri okha n'kulowa m'mabuku a ndalama. Greg Linden, amene adagwirapo ntchito ku Amazon, adaulula kuti kampaniyo inkachedwetsa dala masamba ake kwa ogula ena kuti ione chochitika, ndipo idapeza kuti kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi kunkatsitsa malonda ndi 1 peresenti. Chaka chomwecho Marissa Mayer wa ku Google adafotokoza kuti anthu atafunsidwa ankati akufuna mayankho 30 pa tsamba m'malo mwa 10, koma atapatsidwa, tsamba lidachedwa ndi theka la sekondi ndipo kusaka kudatsika ndi 20 peresenti. Pakamwa anthu adapempha zambiri, koma zala zawo zidasankha zachangu. Nambala ya Amazon ija yabwerezedwa kwambiri moti ena amaitenga ngati lamulo la chilengedwe. Ine sindiigwiritsa ntchito pokopa kasitomala, chifukwa idayezedwa pa Amazon ya zaka zimenezo, osati pa sitolo ya mayi wogulitsa zitenje ku Limbe. Chimene idatiphunzitsa ndi njira yake: yeza pa ogula ako enieni, usangoganiza.

Munthu amene adasandutsa zonsezi kukhala ntchito yophunzitsika ndi Steve Souders wa ku Yahoo. Amisiri ambiri nthawi imeneyo tsamba likachedwa ankathamangira kugula seva yamphamvu. Souders atayeza adapeza kuti seva inkatenga gawo lochepa chabe la nthawi. Pakati pa 80 ndi 90 peresenti ya kudikira kwa wogula kunkachitika seva itayankha kale, pamene kompyuta yake ikutolera zithunzi, mafayilo a maonekedwe ndi timapulogalamu ta JavaScript. Zili ngati mayi amene akuphika ndiwo n'kumatuma mwana kumsika kukagula mchere wokha, akabwera amutumenso tomato, akabweranso mafuta. Mwanayo ngakhale akhale wothamanga, nsima ichedwa, chifukwa vuto ndi kuchuluka kwa maulendo. Mapulogalamu otsegulira intaneti a masiku amenewo, monga Internet Explorer 6, ankatenga mafayilo awiri okha nthawi imodzi kuchokera pa seva imodzi. Mu 2007 Souders adatulutsa buku lotchedwa High Performance Web Sites lokhala ndi malamulo 14, pamodzi ndi chida choyezera cha YSlow. Lamulo loyamba lidali lochepetsa maulendo. Ena adali ofinya mafayilo asanatumizidwe, ouza kompyuta ya wogula kuti isunge zimene yatenga kale, ndi oika timapulogalamu kumapeto kwa tsamba kuti katundu ayambe waoneka. Ambiri mwa malamulo amenewa ndimawatsatabe.

Umboni wochokera ku malonda enieni udatsatira. Pa msonkhano wa Velocity wa 2009, a Shopzilla, tsamba loyerekezera mitengo, adanena kuti atatsitsa nthawi yotsegukira kuchoka pa masekondi pafupifupi 7 kufika pa 2, ndalama zolowa zidakwera ndi pakati pa 7 ndi 12 peresenti, ndipo maseva ofunika adachepa ndi theka. Mu Epulo 2010 Google idalengeza kuti liwiro la tsamba lizithandiza kusankha amene aoneke pamwamba munthu akasaka. Apa eni malonda amene ankanyalanyaza amisiri awo adayamba kutchera khutu. Chaka chomwecho Google idatulutsa mtundu wa zithunzi wa WebP, wopepuka kuposa JPEG, ndipo mu 2015 kudabwera HTTP/2, imene imalola mafayilo ambiri kuyenda pa ulendo umodzi.

Munthu angayembekezere kuti ndi zida zonsezi, vuto lidatha. Chimene chimandipweteka mu mbiri imeneyi n'chakuti liwiro lililonse limene mainjiniya a netiweki adapeza, omanga masamba tidalidya. Souders adayambitsa HTTP Archive mu 2010 kuti izilemba kulemera kwa masamba chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo tsamba wamba silinkafika 1 MB. Pofika 2016 avereji idafika pafupifupi 2.3 MB, kukula kofanana ndi fayilo yoikira gemu ya pa kompyuta ya Doom ya mu 1993. Kulemeraku kudachokera ku zithunzi zikuluzikulu zosinthana pamwamba pa tsamba, makanema ongoyamba okha, zilembo zokongoletsa, ndi timapulogalamu ta makampani otsatsa totsata wogula kulikonse kumene wapita. Kumanga sitolo kudaphweka ndi zida zomangira masitolo: Shopify idayamba ku Ottawa mu 2006, ndipo WooCommerce, yopangidwa ndi kampani ya WooThemes imene mizu yake ina ili ku Cape Town, idatuluka mu 2011. Ichi chidali chinthu chabwino, chifukwa wamalonda wamng'ono adapeza khomo. Koma kuphwekako kudabwera ndi mapulagini, oti ukangodina kamodzi walowetsa chinthu chatsopano, ndipo palibe amene amakuuza kuti chilichonse chikuwonjezera katundu pa foni ya wogula.

Foniyo ndiyo idasintha zonse. iPhone idatuluka mu 2007, mafoni a Android mu 2008, ndipo m'zaka zochepa ogula ambiri padziko adali pa kachipangizo ka m'manja, kofooka poyerekeza ndi kompyuta, kodalira netiweki yosinthasintha. Mu 2016 Google idapeza kuti 53 peresenti ya olowa pa tsamba ndi foni ankachoka likapitirira masekondi 3. Malire adatsika kuchoka pa 8 kufika pa 3 m'zaka 17.

Maphunziro abwino kwambiri a nyengo imeneyi sadachokere ku California. Adachokera kumene netiweki ndi yofooka ndipo data ndi yodula. Ku India, sitolo yaikulu ya Flipkart idatseka tsamba lake la pa foni mu 2015 pofuna kuti aliyense aike apu yake. Anthu ambiri adalibe malo m'mafoni mwawo ngakhale data yokokera apuyo, ndipo chaka chisanathe kampaniyo idabwerera ndi tsamba lopepuka la Flipkart Lite. Idapeza kuti 63 peresenti ya olowa pa tsambalo adali pa netiweki ya 2G. Ku Nigeria, Konga, imene idayamba mu 2012 chaka chimodzi ndi Jumia, idamanga tsamba la mtundu womwewo ndipo idanena kuti kulowa koyamba kunkadya data yochepa ndi 92 peresenti poyerekeza ndi kukoka apu. Ngakhale Facebook mu 2015 idayamba kulimbikitsa antchito ake kuti Lachiwiri lililonse azigwiritsa ntchito intaneti ya liwiro la 2G kwa ola limodzi, kuti amve m'thupi zimene anthu a m'mayiko ngati athu amamva.

Kwathu ku Malawi mtunda uja wa Leighton ndi Lewin ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Tilibe nyanja yamchere, ndipo kwa zaka zambiri intaneti yathu inkadzera pa setilaiti imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, moti ulendo uliwonse wopita ndi kubwera unkadya kuposa theka la sekondi. Zinthu zidayamba kusintha chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chitayamba kugwira ntchito mu Julayi 2009, ndi cha EASSy mu 2010, zonse zikutera ku Maputo ndi ku Dar es Salaam, kumene zingwe zapamtunda zimatilumikiza. Mu 2008 ku Blantyre kudakhazikitsidwa malo osinthanirana uthenga pakati pa makampani a intaneti a m'dziko muno, kuti uthenga wochokera ku Zomba kupita ku Mzuzu usamazungulire kunja. Cloudflare idaika maseva ku Johannesburg mu 2014, ndipo Amazon idatsegula malo ake a maseva ku Cape Town mu Epulo 2020. Komabe masitolo ambiri amene ndimawakonza ndimawapeza ali pa seva ya ku America kapena ku Ulaya, chifukwa ndiko kotsika mtengo. Kuwala kumene kumanyamula uthenga m'chingwe kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo palibe ndalama imene ingakuthamangitse kuposa pamenepo. London ili pa mtunda wa makilomita ngati 8,000 kuchokera ku Lilongwe, zingwe zimayenda mokhota, ndipo foni imapita ndi kubwera katatu kapena kanayi kungopatsana moni ndi seva isanalandire chilembo choyamba. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za SEACOM ndi EASSy zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, tonse tidaona mmene masamba olemera adafera pamene opepuka ankatsegukabe, ngakhale mokwawa.

Ndikuganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malonda ambiri a pa intaneti m'dziko muno amachitikira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama n'kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, osati pa masitolo oima paokha. WhatsApp imafinya chithunzi chilichonse isanachitumize, imapirira netiweki ikamadukaduka, ndipo bandulo yake wogula ali nayo kale. Sitolo ya pa intaneti ikufuna kuti munthu atuluke mu WhatsApp n'kuwononga data yake ina. Ngati ikum'pempha zimenezi, iyenera kum'lemekeza.

Mayi wina wogulitsa zitenje ndi madiresi osoka adandiitana kuti ndione chifukwa chake anthu ankafika pa tsamba lake koma osagula. Mu ofesi mwake, pa wifi, tsambalo linkatseguka bwinobwino. Nditaliyang'ana m'kati, ndidapeza kuti zithunzi zidakwezedwa monga momwe zidachokera mu kamera, chilichonse cha 4 MB, ndipo tsamba loyamba lidali nazo 20. Wogula ankalipira 80 MB kuti angoona pakhomo. Nditanena kuti tizichepetse, adakana. «Achimwene, malonda ndi m'maso. Chitenje chikapanda kuoneka maluwa ake, ndani agule?» Mayiwo sankanama, ndipo sindidatsutse. Ndidangowapempha kuti tibwereke foni ya mtsikana wosoka pa shopupo, ya mtengo wotsika, ya bandulo yogula yekha. Tidatsegula tsambalo n'kudikira limodzi. Patapita kanthawi mtsikanayo adafunsa mwaulemu ngati angatseke, poti data yake imatha. «Chepetsani, achimwene,» adatero mayiwo, «koma maluwa aoneke.» Tidachepetsa chithunzi chilichonse kufika pa 80 KB, kukula kokwana sikirini ya foni, ndipo maluwa adaoneka ndithu. Tidakonza kuti zithunzi za m'munsi zizibwera pokhapokha munthu akatsikirako, tidachotsa mapulagini amene sankagwira ntchito iliyonse, ndipo mafayilo tidawaika pa CDN. Palibe chimodzi mwa izi chimene chidali chatsopano. Zina mwa izo Souders adazilemba mu 2007.

Lero muyezo umene amisiri ambiri timatsata ndi wa Core Web Vitals, umene Google idalengeza mu Meyi 2020. Umafunsa zinthu zitatu zimene wogula amazimva: chinthu chachikulu pa tsamba, monga chithunzi cha katundu, chioneke pasanathe masekondi 2.5, tsamba lisamadumphedumphe munthu akufuna kudina, ndipo akadina, liyankhe pasanathe gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, muyezo umene udalowa mu Malichi 2024. Ubwino wake ndi wakuti manambala amatengedwa pa mafoni ndi makompyuta a anthu enieni, ndipo aliyense angathe kuyeza sitolo yake mwaulere pa PageSpeed Insights. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi amisiri anzanga amene amathamangitsa malikisi a 100 pa chidacho kuti akaonetse bwana, mpaka kubisa zinthu zolemera kuti makina oyezera asazione, pamene wogula wa ku Mchinji akudikirabe. Komanso sitolo yaing'ono ya alendo ochepa nthawi zambiri ilibe manambala okwanira a anthu enieni, choncho chidacho chimangoyerekeza.

Ndiye amalonda anzanga, musanalipire womanga tsamba ndalama yomaliza, musaliyesere pa laputopu yake kapena pa wifi ya mu ofesi. Tengani foni yotsika mtengo ngati imene makasitomala anu ambiri ali nayo, mugule bandulo yaing'ono ndi ndalama ya m'thumba mwanu, mupite kumene iwo amakhala, ndipo mugule chinthu chimodzi m'sitolo yanu kuyambira pa tsamba loyamba mpaka polipira. Werengani masekondi, muonenso ma MB amene atha. Ngati inu eni ake mwatopa musanafike polipira, m'bwezereni mmisiriyo ntchito yake akachotse zolemera.